Funso la Mkamwini pa Msitu wa Matondo

Kalekale, njira zonse zikadali za mapazi, padali munthu wina dzina lake Kanyemba. Khala pansi, mphwanga, ukundizunguza mutu ndi kuyendayenda kwakoko. Khala apo, umve za munthu ameneyu.

Kanyemba adali wa miyendo yoyabwa. Adabadwira m'mudzi wina, kasupe wa kumeneko adauma, iye adanyamuka. Adafika mudzi wina, kasupe adauma, adanyamuka. Adafika winanso, chimodzimodzi. Mphasa pamutu, nkhwangwa paphewa, ulendo. Kutsanzika n'komwe ayi.

Choumitsa akasupewo iye ankachidziwa. Adali matondo, mbozi zodyedwa zija. Osati matondowo eni ake, ayi, koma katoledwe kake. Mvula yoyamba ikagwa, mitengo ya mombo ndi tsamba ikaphuka masamba anthete, matondo ankadzaza m'nthambi. Ndiwo zabwino, iwe! Kufinya, kuwiritsa ndi mchere, kuyanika padzuwa, ana kumanenepa nthawi ya njala. Koma matondo amakhala m'mwamba, ndipo anthu adalibe mtima wodikira. Ankagwetsa mtengo wonse, phuu! n'kumatola pansi. Mtengo woti udamera agogo awo asadabadwe, kuugwetsera matondo a m'lichero limodzi. Zimandinyansa ine ndikaganiza.

Pogwetsapo ankaimba:

Gwetsa, gwetsa, mnzako asanadze,
Ukachedwa udya masamba!

Mitengo ikatha, madzi a pakasupe ankayamba kuchepa. Kenaka matope. Kenaka fumbi. Ndiye Kanyemba mphasa pamutu, nkhwangwa paphewa, ulendo.

Tsiku lina adafika m'mudzi wa patsinde pa phiri. Kumeneko kudali kasupe wozizira, wotuluka m'kati mwa msitu. Kudalinso mtsikana, dzina lake Nambewe. Kanyemba adamwa madzi, adaona Nambewe, miyendo idayamba yaleka kuyabwa. Adafunsira mbeta, adamulola, adalowa chikamwini. Posakhalitsa kudabadwa mwana wamkazi, adamutcha Ndaziona.

Kamwanako kankati kakagwira chala cha bambo wake, osachitaya. Kanyemba adakakonda kamwana kaja kuposa chilichonse chimene adachionapo m'maulendo ake onse.

Tsono iwe za chikamwini ukuzidziwa. Mwamuna ndi mlendo. Mwana ndi wa mbumba ya mayi wake. Akakuchotsa, umachoka wekha. Ndipo masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayankhulana, sankayang'anana n'komwe. Mukakumana panjira, wina kuthawira m'tchire uku, wina uko, ngakhale muli chitedze. Apongozi a Kanyemba adali a Nankhoma, mayi wamfupi, waliwiro. Ankati akangoona mutu wa mkamwini wawo, lowu m'udzu, mtsuko uli pamutu, osataya ndi dontho lomwe. Mawu onse ankadzera mwa Nambewe.

Msitu wa pakasupe uja udali wa mbumba ya a Nankhoma.

M'mudzimonso ankagwetsa, ndipo nyimbo idali yomwe ija. Chaka chino gwetsa, chaka chamawa gwetsa. Phiri lidayera mbee, kudatsala msitu wa pakasupe wokha. Mvula yoyamba itagwa, Nambewe adabwera ndi mawu.

"Amayi akuti munole nkhwangwa. Matondo akangodzaza pakasupe, muyambe ndinu kugwetsa, ena atsatire."

"Pakasupe penipeni?"

"Atero amayi."

"Nanga ndikakana?"

Nambewe adayang'ana pansi. "Mkamwini wokana ntchito mukudziwa kumene amapita."

Kanyemba adanola nkhwangwa. M'mawa uliwonse kwee, kwee pamwala, mtima uli m'mwamba. Miyendo idayambanso kuyabwa. Akhale pansi, ayi. Aime, ayi. Adatsikira kukasupe.

Pakasupe adapeza Nkhanu ali pikitipikiti. Kutuluka kunsi kwa mwala, kulowa, kutulukanso.

"Nkhanu, bwanji?"

"Ndikusamuka. Ndaimva nkhwangwa yako ikulira pamwala."

"Inenso ndisamuka," adatero Kanyemba. "Ndidazolowera."

Nkhanu adatsegula kathumba ka pamimba pake. M'menemo mudali tiana, tili piringupiringu. "Anga ndi awa, ndinyamula. Nanga wako unyamulira pati?"



Apa ndiye padali povuta, mphwanga. Agwetse msitu, kasupe auma, Ndaziona akula akumwa matope. Akane, amupirikitsa, mwana atsala. Athawe monga mwa nthawi zonse, mwana atsalanso. Kulikonse kumene ankatembenukira, mwana ankamupulumuka m'manja.

"Kodi anthuwo wawafunsa?" adatero Nkhanu.

"Ndiwafunse chiyani? Ine ndikudziwa kale zonse."

"Ehe," adatero Nkhanu, n'kulowa kunsi kwa mwala.

Tsiku lomwelo kudali mowa wa dima kwa a Gwirize. A Gwirize adali mlongo wawo wa a Nankhoma, mwini mbumba, munthu wanthabwala, ndipo ndiwo ankatsogolera nyimbo yogwetsera ija. Anthu atalima, adakhala pamthunzi wa nkhokwe. Chipanda chisadamufike n'komwe, Kanyemba adaimirira pakati.

"Anthu inu, mulibe nzeru! Ine ndayenda, ndaona midzi ikufa. Mukupha ana anu ndi nkhwangwa zanuzi!"

A Gwirize adaseka mpaka kutsokomola. "Mkamwini wathu waledzera ndi fungo lokha! Mpatseni chipanda akhale pansi."

Anthu chikhakhali. Wina kumbuyo adafuula, "Pamene midziyo inkafa, nkhwangwa yakoyo idali kuti?"

Funso limenelo lidamulasa, chifukwa nkhwangwa yakeyo idagwetsa nawo konse kumene adadutsa. Adakhala pansi, manyazi ali tho. Anthu adayamba nyimbo ija dala, kuti amve bwino.

M'mawa adathamangira kwa Nkhanu. "Ndawauza, andiseka."

"Ine sindidati ukawauze. Ndidati wawafunsa?"

"Si chimodzimodzi?"

"Pamene umawauzapo, wamva chiyani kwa iwo?"

"Palibe."

"Ndiye pita ukamve. Ine ndidikira pang'ono, koma katundu sindimasula."

Kanyemba adakwera mtunda akung'ung'udza. Panjira adakumana ndi a Nasoko, mayi wamasiye, atasenza mtolo wa nkhuni, khosi litapindika. Adawalandira mtolowo. Adayenda, adayenda, pakamwa pakumuyabwa kuti ayambe kulalikira. Adadziluma lilime.

"Amayi, nkhunizi mwazitenga kuti?"

"Kuseri kwa phiri, mwana wanga. Kale tinkangotola kuseri kwa nkhokwe."

"Nanga matondo kale munkatola bwanji?"

"Tinkadikira. Akakhwima amatsika okha ndi thunthu, onenepa ngati chala chachikulu, kufuna kulowa m'nthaka. Ife kumangowola patsinde. Ena tinkawasiya alowe, ndiwo amabala a chaka chamawa. Awa ogwetsawa ndi tiana. Ukafinya, m'manja mumatsala khungu."

Kanyemba adadabwa. Midzi yonse adayenda ija, zimenezi adali asadazimvepo. Akadazimva bwanji, munthu wosafunsa?

"Nanga tsono mumagwetseranji, amayi?"

A Nasoko adayang'ana uku ndi uku, adatsitsa mawu. "Ndani amakonda kugwetsa? Ine mtima umandiwawa. Koma ndikati anyamata anga adikire, a Gwirize agwetsa. Ife tidya chiyani? Musauze munthu, angandiseke."

Kanyemba adatula nkhuni pakhomo, adalunjika kwa a Gwirize. Adawapeza akusema mpini. Adanjuta, adaomba m'manja.

"Malume, ndidalakwa pamowa paja. Ndidayankhula ngati mwana."

"Aa, zatha izo. Gwira apa, mpiniwu ukunditerereka."

Kanyemba adagwira. A Gwirize kumasema, iye kumagwira, osanena kanthu. Patapita nthawi adati, "Nyimbo yogwetsera ija mumaimba bwino, malume. Imakukomerani?"

Kasemasema adaima. A Gwirize nthabwala zidawathera. "Ukudziwa chimene ndimakwezera mawu? Ndimafuna ndisamve mtengo ukulira pogwa. Ndidakulira m'mithunzi imeneyi ine. Koma ndikadikira, anyamata a Nasoko agwetsa. Usauze munthu, mkamwini. Ine ndiye mwini nyimbo, anthu anditi chiyani?"

Kanyemba miyendo idapeza ntchito. Uku wapita, uku wapita. Kwa mlenje, adamuthandiza kuluka ukonde, adafunsa. Mlenje adati nyama zidathawa ndi mitengo yomwe, iye kugwetsa safuna, koma akuopa woumba mbiya. "Usauze munthu." Kwa woumba mbiya, adamupondera dothi, adafunsa. Woumba mbiya adati iye safuna, koma akuopa mlenje. "Musauze munthu." Khomo ili musauze munthu, khomo ilo musauze munthu. Koma anthu, abale! Aliyense akuthamangira nkhwangwa poopa mnzake, mnzakeyo akuthamanga poopa iye.

Sikuti onse adali choncho ayi. Padali a Dzoole, bambo wa ana ambiri. Iwo adati, "Choka apa, mkamwini. Ana anga sadya mthunzi." Kanyemba sadakangane nawo. Adangofunsa kuti anawo adya chiyani dzulo. A Dzoole adatembenuka, n'kulowa m'nyumba.

Kwa onse ena aja Kanyemba ankafunsanso kuti, "Bwanji osakauzana zimene mwandiuzazi?" Yankho lidali limodzi. "Ayambe a Nankhoma. Msitu wotsala ndi wawo. Iwo alamula kale kuti ugwe, ife ndani?"

Njira zonse zidakathera pakhomo limodzi, khomo limene mkamwini sayankhulapo.

Kanyemba adaitana mkazi wake. "Nambewe, kawafunse amayi ngati akufunadi kuti msitu ugwe."

Nambewe adapita. Adapeza mayi ake akusinja ndi amayi ena. Mantha adamugwira. Adati, "Akuti nkhwangwa siidanoleke bwino."

"Anole!" adatero a Nankhoma.

Adabwerera. "Akuti munole."

Kanyemba adamutumanso. Nambewe adapita, adapezanso anthu, mawu adamukanika. Adati, "Akuti dzanja likuwapweteka."

A Nankhoma adaimika munsi. "Mwana wanga, kodi wakwatiwa ndi mlesi?"

Nambewe adabwerera akulira. "Funso lanu sindidalifikitse, bambo a Ndaziona. Ulendo woyamba ayi, wachiwiri ayi. Likumveka ngati kuwatsutsa amayi, ine sindingathe. Ingogwetsani, tikhale."

Kanyemba sadamukalipire. Adanyamula Ndaziona, adayenda naye kuzungulira nyumba, kuzungulira nyumba, mpaka mwana adagona.

Matondo adadzaza. Ukaima m'msitumo, ndowe zawo zinkagwa waa, ngati mvula yowaza. M'mawa mudzi wonse udatuluka. Nkhwangwa, madengu, malichero, a Gwirize akutsogolera nyimbo. Kanyemba patsogolo. Pokhota njira pafupi ndi kasupe, dzidzidzi, a Nankhoma awa, akuchokera kotunga. Iwo lowu m'udzu. Anthu adaima kudikira kuti mkamwini nayenso athawire mbali inayo.

Kanyemba sadathawe. Adaika nkhwangwa pansi, adakhala panjira pomwepo, adaomba m'manja mwaulemu.

"Amayi, ndili ndi funso."

Mayo! Nyimbo idaduka. Mayi wina dengu lidamugwa. Nambewe adagwira pakamwa. A Gwirize adati, "Mkamwini, wapenga? Dzuka!"

"Ndidzuka, malume. Chimene ndachita ndikuchidziwa." Adatembenukira kuudzu kuja. "Amayi, msitu uwu ndi wanu. Mukati ugwe, ndigwetsa lero lomwe, sindikana ntchito. Koma ndimve kuchokera pakamwa panu. Mukufuna ugwe?"

Udzu zii. Kumangomveka ndowe za matondo zikugwa. Ana adayamba kunyong'onyeka, akulu kusinthasintha miyendo. Kanyemba sadaonjezepo mawu. Kudikira kumeneko, iwe ndi pakamwa pakopo sukadatha. Kenaka mawu adatuluka m'udzu, aang'ono.

"Sindifuna."

"Kwezani mawu, anzanga," adatero a Nasoko. "Sitidamve."

"Ndati sindifuna!" A Nankhoma adaimirira m'udzumo, mtsuko uli pamutu, nkhope atatembenuzira kumbali. "Madzi awa adamwa amayi anga. Ndikufuna amwenso Ndaziona. Koma ndikadapanda kulamula, mukadati Nankhoma ngoumira, akubisa ndiwo. Mukadabwera mobisa n'kugwetsa ndithu. Ndiye ndimati kuli bwino ayambe wanga. Ndipo mkamwini wangayu ndimamumva m'mawa uliwonse akunola. Ndimati nayenso akufunitsitsa."

"Ndimanola chifukwa mudalamula, amayi."

"Ine ndimalimbikira chifukwa mumanola!"

A Nasoko adatula dengu. "Inenso sindifuna. Ndimaopa a Gwirize."

"Ine?" A Gwirize adadumpha. "Ine ndimaopa anyamata anuwo!"

Mlenje adaloza woumba mbiya, woumba mbiya adaloza mlenje. Phokoso! Nkhwangwa zidaikidwa pansi imodziimodzi, anthu adakhala panjira pomwepo, ena m'udzu.

Usaganize kuti kukambiranako kudali kokoma. Adakalipirana. Adakumbutsana mitengo ya makedzana, wakuti adagwetsa wakuti. Wina adanyanyala, adafika pachulu, adabwerera poona kuti palibe womutsatira. Wina adati, "Nanga tikadikira, wina n'kuba?" Adati tizibwera kudzatola tonse limodzi. A Dzoole adaimirira. "Inu mukukamba za chaka chamawa. Ana anga agona ndi njala dzulo. Masiku odikirawo adya chiyani?"

Zimenezo zidali zoona. A Nasoko adati, "Ine ndili ndi mfutso m'chikwatu, ndigawako." Mlenje adati akapha kanthu, mwendo upita kwa a Dzoole. A Dzoole sadathokoze, koma adakhala pansi.

Dzuwa likupendeka adamvana. Nkhwangwa isalowe m'msitu. Matondo atsike okha. Ena asiyidwe alowe m'nthaka. Mphukira za pazitsa za m'phiri zisadulidwe, zikule.

Ukudzukiranji? Ukuti yatha? Siidathe ayi, khala pansi.

Pobwerera kumudzi manong'onong'o adayamba. "Mkamwini kuyankhula ndi apongozi pamaso pa anthu! Zidachitikapo kuti?" M'mawa mwake a Gwirize adafika pakhomo, kuseka kulibe. Adatulutsa mphasa ndi nkhwangwa, adaziika pabwalo.

"Kasupe wamupulumutsa, mkamwini, sindikana. Koma wachititsa manyazi mbumba. Anthu akunena. Pita."

Kanyemba adapempha kuti anyamuleko mwana. Ndaziona adagwira chala cha bambo wake. Kanyemba adachita kumasula yekha tizala tija, kamodzikamodzi. Adalira, bambo wamkulu, misozi chuchuchu, anthu akuona.

Mphasa pamutu, nkhwangwa paphewa. Miyendo inkaidziwa ntchito yake. Adatsika, adawoloka kamtsinje kotuluka m'kasupe, pamene pathera malo a mudziwo. Tsidya kudali njira yopita kutali. Adaponya phazi, adaponya lina, adaima.

Nkhanu adasuzumira. "Ukupita?"

"Nanga iwe?"

"Ine ndamasula katundu."

Kanyemba adayang'ana njira, adayang'ana utsi wa nyumba ya Nambewe. Adatula mphasa. "Andichotsa m'mudzi. Tsidya lino si mudzi wawo." Adazula udzu, adamanga kamsasa pomwepo. Miyendo inkamuyabwa, iye ankaikanda n'kukhala.

Kumudzi kudikira kudavuta. Ana kulirira ndiwo. Akulu kupita kumsitu, kuyang'ana m'mwamba, kubwerera, kupitanso. Tsiku lina kudamveka kwee, kwee kuseri kwa nyumba ya a Dzoole. A Nasoko sadakuwe. Adapita ndi mfutso m'mbale, adakhala pansi, adafunsa kuti ana adzuka bwanji. Adacheza mpaka mwala wonolera udauma.

Kenaka matondo adatsika. Thunthu lililonse lidachita kuyenda. Onenepa, iwe, oti awiri okha pakamwa tho. Madengu adadzaza, malichero adadzaza, ena adasiyidwa alowe m'nthaka monga adapanganirana, mitengo ili chiimire. Anthu adadya. Koma aliyense akapita kotunga ankaona kamsasa kaja tsidya, ndipo ndiwo zinkavuta kutsika pakhosi.

Amene adanyamuka tsopano ndi Nambewe, yemwe uja adalephera kufikitsa funso limodzi. Adabereka mwana, adayamba khomo ndi khomo.

"Amayi, kodi inu mukufuna kuti bambo a Ndaziona achoke?"

"Ine ayi, mwana wanga," adatero a Nasoko. "Koma anthu."

Mlenje adati ine ayi, koma anthu. Woumba mbiya adati ine ayi, koma anthu. A Dzoole, pakamwa pali mafuta a matondo, adati ine ayi ndithu, koma anthu. Nambewe adafika kwa malume ake.

"Ine ndimamukonda mkamwini uja," adatero a Gwirize. "Mpini wanga agwira ndani? Koma anthu akunena."

"Anthu ake ati, malume? Ndazungulira mudzi wonse. Aliyense akuti anthu. Ndionetseni khomo la anthuwo ndikawafunse."

A Gwirize adakanda m'mutu, adakandanso. "Kafunse mayi ako. Amene adachititsidwa manyazi ndi iwo."

Nambewe adapeza mayi ake akufinya matondo ndi amayi ena, khamu ndithu. Adagwada. Ulendo uno sadakhotetse mawu.

"Amayi, mukufuna kuti mwamuna wanga achoke?"

A Nankhoma adasiya kufinya. Adasamba m'manja, adapukuta pansalu. "Ndipatse mwanayo."

Adabereka Ndaziona, adagwira njira ya kukasupe. Amayi aja adasiya matondo, adatsatira. Amuna adatsatira. A Nankhoma adafika pakamtsinje, adakwinya nsalu, adawoloka, madzi ali m'maondo. Kanyemba atawaona adadzambatuka.

"Khalani pomwepo!" adatero a Nankhoma. "Ndakalamba ine, sindingakuthamangitseni."

Adamasula mbereko. Adakweza maso, adamuyang'ana mkamwini wawo, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Kani nkhope yanu ndi yotere," adatero. "Landirani mwana wanu, msana wandipweteka. Ndipo munyamule mphasayo. Nyumba ija ikudontha, afolera ndani?"

Kanyemba adalandira mwana. Adawoloka, mwana ali pachifuwa, mphasa adanyamula a Gwirize.

Ndiye umve, mphwanga. Zinthu zambiri zoononga zimene anthu amachita onse pamodzi, ukawapatula mmodzimmodzi upeza kuti sazifuna, amangoopana. Ukawakuwira, amakukuwiranso. Ukakhala pansi, n'kugwira nawo ntchito, n'kufunsa, n'kutseka pakamwa pakopo mpaka ayankhe, amakuuza zimene sadauzepo munthu. Ndipo funso lovuta koposa usatume nalo wina, pita nalo wekha. Likhoza kukupweteka, sindikunamiza ayi. Kanyemba lidatsala pang'ono kumulanda mwana.

Yanga nthano ndaitula, yathera pomwepo.